Golovesi la Angerezi, Timilu ta Mchenga ndi Malire a Kwathu



Masiku apitawa mdzukulu wanga wina wa Folomu 3 adabwera ndi chidutswa cha nyuzipepala yachingerezi chimene amayi ake adakulungiramo nsomba zouma kumsika. Adandiloza pamzere wina nati, "Agogo, apa alemba kuti timu ina ya mpira has thrown down the gauntlet, ndiye inzakeyo akuti iyenera to take it up. Chimene aponyacho n'chiyani, nanga enawo achitola chifukwa ninji?" Ndidamuyankha mwachidule monga tinkachitira m'kalasi belu likayandikira: kuponya gauntlet ndiko kuitana mnzako poyera kuti muonetsane chamuna, ndipo kulitola ndiko kuvomera. Iye adalemba m'kope, nathokoza, napita. Koma ine yankho limenelo silidandikhutitse, pakuti ndidampatsa gaga, ufa ndidatsala nawo. Tsono lero ndati ndiupereke.

Mawu oti gauntlet Angerezi adabwereka ku Chifalansa, ndipo amatanthauza golovesi. Si magolovesi amene amavala anamwino aja ayi. Ili lidali golovesi lachikopa lokutidwa ndi timapale tachitsulo, limene ankhondo okwera pa akavalo ku Ulaya ankavala zaka mazana angapo zapitazo poteteza dzanja logwira lupanga. Munthu wotere akalakwiridwa, kapena akafuna kutsutsa mnzake kuti wanama, ankavula golovesi lija n'kuliponya pamapazi pa mnzakeyo anthu akuona. Winayo akawerama n'kulitola, basi, pangano lamangika: adzakumana tsiku lakuti, pabwalo lakuti, ndipo wina adzachoka atanyamulidwa. Akalisiya pansi, ndiye kuti wavomera kuti mnzakeyo wanena zoona, kapena kuti wachita naye mantha.

Mwambowu udalowa ngakhale m'nyumba ya mafumu. Pa phwando lolonga mfumu ya England, munthu wa banja la Dymoke ankalowa m'holo ya Westminster ali pa kavalo, atavala zachitsulo thupi lonse, n'kuponya golovesi katatu, kuitana aliyense amene akukana kuti wolongedwayo ndiye mwini mpando kuti atuluke amenyane. Mwambo umenewu udachitika komaliza m'chaka cha 1821 polonga George IV. Banjalo likadalipo, ndipo mu 2023, polonga Charles III, mmodzi wa iwo adapatsidwa ntchito yonyamula mbendera ya mfumu. Kavalo ndi golovesi adazisiya kunyumba.

Chimene chidandidabwitsa ine, nditachiwerenga koyamba ndili kukoleji ya aphunzitsi, n'chakuti golovesi lidaponyedwapo m'bwalo la milandu lenileni, pamaso pa oweruza ovala mikanjo. Mu May 1817 mtsikana wina dzina lake Mary Ashford adapezeka atafa m'dziwe kufupi ndi Birmingham. Mnyamata amene adamuperekeza pochokera kugule usiku umenewo, Abraham Thornton, adazengedwa mlandu napezeka wosalakwa. Mlongo wa malemuyo, William Ashford, sadakhutire, choncho adadzutsanso mlanduwo pogwiritsa ntchito lamulo lina lakalekale. Thornton naye, mothandizidwa ndi omuimira, adafukula lamulo linzake lokalamba chimodzimodzi. Mu Novembala 1817 adaimirira m'bwalo lalikulu ku London, nakana mlandu, nanena kuti adzadziteteza ndi thupi lake, kenaka adaponya golovesi lachikopa pansi. Ashford adali mnyamata wowonda, Thornton chimunthu chojintcha. Golovesi lidangokhala pomwepo. Oweruza atasanthula mabuku awo adapeza kuti lamulolo lidali lisadafafanizidwe, kotero mu 1818 Thornton adamasulidwa, ndipo posakhalitsa adasamukira ku America chifukwa anthu ankamuloza chala paliponse. Nyumba ya Malamulo idachita manyazi n'kuthetsa lamulolo mu 1819.

Inu adzukulu mukamva zimenezi musaseke Angerezi msanga, chifukwa makolo athu nawonso adali ndi njira yawo. Kuno kuchigwa munthu akanenezedwa ufiti, kapena chigololo, kapena kuba, ankatha kuima pabwalo n'kunena yekha kuti, "Bweretsani mwabvi ndimwe." Makungwa a mtengo wa mwabvi, womwe udapereka dzina ku nkhalango yosungirako nyama ya Mwabvi m'boma lathu lino la Nsanje, ankasinjidwa n'kusungunulidwa m'madzi. Wosanza ankayesedwa wosalakwa, wakufa ankayesedwa wolakwa. Ganizo lake ndi lomwe lija la Angerezi, lakuti choonadi chili ndi mphamvu yodziteteza chokha, ndipo wosalakwa sangagwe. Ngakhale zotuma wina zidaliko mbali zonse ziwiri: ku England wofooka nthawi zina ankaimiridwa ndi ngwazi yomumenyera, kuno mwabvi nthawi zina unkamwetsedwa nkhuku kapena galu m'malo mwa munthu. Boma la atsamunda lidaletsa mwabvi ndi lamulo la 1911, ndipo lidachita bwino, pakuti udatha anthu ambiri osalakwa. Koma ndimangoseka ndekha ndikakumbukira kuti oletsawo adali atangosiya zawo zaka 92 m'mbuyomo.

Komabe chimene chimafanana kwambiri ndi golovesi si mwabvi. Ndi timilu ta mchenga.

Tili anyamata, tikudyetsa mbuzi ndi ng'ombe m'mbali mwa dambo la Ndindi, padali mnyamata wina wamkulu amene tonse tinkamuopa. Dzuwa likafika paliwombo, ziweto zitagona pamthunzi, iye ankatopa ndi kukhala chete. Pamenepo ankasankha anyamata awiri a msinkhu umodzi, n'kuumba timilu tiwiri ta mchenga, nati, "Ili ndi bere la amako, ili ndi bere la amake a uyu." Wolimba mtima ankaponda kamulu ka mnzake n'kukamwaza. Pamenepo mwini kamuluko adali ndi njira ziwiri zokha: kubwezera pomwaza ka mnzakeyo, nkhonya n'kuyambika, kapena kuzyolika n'kutchedwa wamantha mpaka chaka chitatha. Tsiku lina adaumbira ine. Mnzangayo, amene m'mawa womwewo tidagawana naye mbatata yootcha, adamwaza kanga. Magazi adandithamangira kumutu, nane ndidamwaza kake. Tidagwirana, tidagubuduzana mumchenga wotentha, ndipo pamene tinkalekana ine dzino lakutsogolo lidali kugwedera, iye diso litatupa. Mbuzi zathu zidali zitalowa m'munda wa mapira wa eni.

Madzulo bambo anga, atalipira mlandu wa mapirawo ndi nkhuku, sadandikwapule monga ndinkayembekezera. Adandifunsa funso limodzi: "Kodi amene adaumba timiluto adamenyana ndi yani?" Ndidati sadamenyane ndi munthu, adangokhala pamthunzi n'kumaseka. Iwo adagwedeza mutu, nalowa m'nyumba. Funso limenelo ndidalimvetsa patapita zaka zambiri, pamene ndinkakonzekera kuphunzitsa mbiri ya chigwa chathu chino.

Mvetserani tsono. David Livingstone adabweretsa kuno anthu ochokera kumtunda kwa Zambezi amene timawatcha Amakololo. Iye atachoka mu 1864, ena a iwo adatsala m'dera la Chikwawa, ndipo popeza adali ndi mfuti pa nthawi imene Amang'anja adali atafooka ndi njala ndi nkhondo za ogula akapolo, adasanduka mafumu. Maina a Kasisi, Chipatula, Katunga, Maseya ndi Mlauri ndi a nthawi imeneyo, ndipo ena mwa mainawo akumvekabe lero. Kunsi kwa mtsinje kudali Apwitikizi, amene adakhala pa Zambezi zaka zoposa 300, ali ndi malinga awo ku Sena ndi ku Tete. Kumapiri kudali amishoni a ku Scotland amene adakhazikika ku Blantyre mu 1876, pamodzi ndi amalonda a kampani ya African Lakes, imene anthu adaitcha Mandala. Onsewa msewu wawo udali umodzi, Shire yemweyu.

Apwitikizi adali ndi loto. Adajambula mapu, n'kupaka utoto wofiirira dziko lonse kuchokera ku Angola kufika ku Mozambique, kutanthauza kuti lonselo n'lawo. Angerezi nawo adali ndi lawo, lochokera ku Cape kulunjika kumpoto. Maloto awiriwa adapingasana, ndipo pena pamene adagundana padali pa mathiriro a Ruo, pa Chiromo.

M'chaka cha 1889 msilikali wotchuka wa Chipwitikizi, Alexandre de Serpa Pinto, adakwera Shire ndi gulu lalikulu la asilikali, ambiri a iwo anthu akuda a ku Zambezi. Mu Ogasiti adakumana ndi Harry Johnston, kazembe wa Angerezi, amene adamuchenjeza kuti asawoloke Ruo. John Buchanan, wogwirizira ukazembe ku Blantyre, adalengeza kuti dziko la Amakololo ndi mapiri a Shire zili pansi pa chitetezo cha Mfumukazi Victoria, ndipo mafumu ena adalandira mbendera za Angerezi. Taonani timilu taumbidwa. Mlauri, amene pa nthawiyo adali wamkulu pakati pa mafumu Achimakololo, adaona gulu lankhondo litamanga msasa pakhomo pa dziko lake. Sadazyolike. Pa 8 Novembala 1889 ankhondo ake adathira nkhondo msasa wa Serpa Pinto ku Mpasa, m'mbali mwa Shire, ena atanyamula mbendera zija. Mfuti za Apwitikizi zidali zamakono, ndipo anthu a Mlauri pafupifupi 70 adagona pomwepo. Mbendera zidalandidwa. Pambuyo pake Apwitikizi adawoloka Ruo, nalowa Chiromo, ndipo motsogozedwa ndi João Coutinho adakwera mpaka kwa Katunga.

Palibe msilikali wa Mfumukazi ndi mmodzi yemwe amene adaima pambali pa Mlauri tsiku limenelo. Chitetezo chidali papepala ndi pansalu. Sindikunena kuti Mlauri adali mwana wonyengedwa. Adali mfumu, dziko lidali lake, ndipo akuluakulu adati mutu ukakula sulewa nkhonya. Mfumu imene ingangoyang'ana alendo a mfuti akudutsa pabwalo pake, mawa anthu ake saiwombera m'manja. Koma phindu la magazi amenewo lidagwera ena. Nkhani itafika ku London, manyuzipepala ndi mipingo ya ku Scotland idafuula kuti mbendera yanyozedwa ndipo anthu a Livingstone aphedwa. Nduna yaikulu, Lord Salisbury, idapeza chifukwa chimene inkafuna.

Pa 11 Januwale 1890 kazembe wa Britain ku Lisbon, George Petre, adapereka kalata yaifupi ku boma la Portugal. Idalamula kuti asilikali onse a Chipwitikizi achoke pa Shire, m'dziko la Amakololo, ndi ku Mashonaland, ndipo yankho liperekedwe tsiku lomwelo. Apo ayi kazembeyo anyamuka ndi anthu ake onse, ndipo sitima yomutenga idali itaima kale pa doko la Vigo. M'chiyankhulo cha maboma, kuchotsa kazembe motero ndi khomo la nkhondo. Ngati mukufuna chitsanzo cha to throw down the gauntlet chimene simudzachiiwala, ndi chimenechi, ndipo chidaponyedwa chifukwa cha mtsinje umene inu mumasambamo. Chopweteka kwambiri kwa Apwitikizi chidali chakuti woponyayo adali bwenzi lawo lakale, pakuti maiko awiriwa adapangana ubale mu 1386.

Portugal sidatole. Mfumu yawo, Carlos I, idali itangokhala pampando miyezi yosakwana itatu, chuma chidali chochepa, ndipo sitima zankhondo za Angerezi zikadatha kulanda madoko awo m'masiku owerengeka. Adavomera, nachotsa asilikali. Mwambi wathu umati mwamuna mnzako ndi pachulu, umalinga utakwerapo, koma pali zulu zina zimene ukangoziyang'ana uli pansi umadziwiratu kuti kukwera n'kudzipha. Ine ndimaona kuti nduna zimene zidasiya golovesi pansi zidapulumutsa miyoyo yambiri, ya anthu awo ndi ya makolo athu omwe, chifukwa nkhondoyo ikadamenyedwera m'minda mwathu muno. Koma anthu a ku Lisbon sadaone choncho. Adadzaza misewu ndi mkwiyo, boma lidagwa m'masiku ochepa, ndipo chaka chomwecho Alfredo Keil ndi Henrique Lopes de Mendonça adapeka nyimbo yodzutsa mtundu yotchedwa A Portuguesa. Pa 31 Januwale 1891 asilikali adaukira mumzinda wa Porto, nagonjetsedwa. Manyazi aja sadachoke pa banja lachifumu. Ufumu udatha mu 1910, ndipo nyimbo ija idakhala nyimbo ya fuko lawo kufikira lero. Anthu a ku Portugal akamaimba pa mpira wa dziko lonse, ambiri sadziwa kuti nyimboyo idabadwa ndi zimene zidachitika pa Shire.

Ndiye pamenepa muone kulemera kwa chining'achi. Kutola kuli ndi mtengo wake, kusiya nakonso kuli ndi wake, ndipo zonse zimachitika anthu akuona. Ichi ndicho ana asukulu ankachiphonya kawirikawiri. Ndikukumbukira chimangirizo china chimene mwana adalemba kuti adatola gauntlet pokatunga madzi kuchitsime m'mawa kukuzizira. Ndidadula mzere wofiira. Chitsime sichidamuitane, padalibe mboni, ndipo akadapanda kupita sakadataya ulemu uliwonse, kupatula kukalipiridwa ndi amake. Chining'achi chimafuna kuti pakhale wina wokuitana, pagulu, pa chinthu chimene ungapambane kapena kugonja. Achinyamata lero mumati "wandichalenja", ndipo ngakhale liwulo limandiyabwa m'khutu, ndivomere kuti lili pafupi ndi tanthauzo. Ife tinkati waputa, watokosola, kapena wamuitanira pabwalo. Chenjeraninso ndi chining'a china chomveka mofanana, to run the gauntlet. Chimenecho n'chachilendo pano. Chidachokera ku liwu la Chiswidishi, ndipo chimanena za chilango cha asilikali, pamene wolakwa ankathamanga pakati pa mizere iwiri ya anzake akumukwapula. Golovesi mulibemo m'menemo, ngakhale kalembedwe kadafanana.

Chitsanzo cha m'nthawi yathu, chimene ambiri a ife tidachiona ndi maso, ndi cha 1992. Pa 8 Malichi chaka chimenecho m'matchalitchi a Katolika mudawerengedwa kalata ya maepiskopi yodzudzula kayendetsedwe ka dziko, chinthu chimene padalibe adayerekeza kuchita poyera kwa zaka zambiri. Mawu ofuna zipani zambiri adakula, ndipo mu Okutobala Dr. Kamuzu Banda adalengeza kuti anthu adzasankha okha pa riferendamu. Apo mzungu akadalemba kuti he took up the gauntlet. Pa 14 Juni 1993 pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse adasankha zipani zambiri, ndipo mu May 1994 Kamuzu adagonja kwa Bakili Muluzi, navomera. Kutola sikulonjeza kupambana. Kumangonena kuti munthu walowa m'bwalo.

Tibwerere ku Shire, chifukwa nkhani ija siidathere pa kalata ya Salisbury, ndipo mchira wake ndiwo ukutikhudza ife a kwa Ndamera. Apwitikizi atachoka, padafunika kulemba malire. Pangano loyamba lidasainidwa mu Ogasiti 1890. M'menemo mzere udatsata Ruo kufika pamene athira mu Shire, kenaka kuchokera pamenepo udalunjika kuzambwe mpaka pa Zambezi, kumtunda kwa Tete. Tengani mapu, ikani chala pa Chiromo, muone chimene chikutsala kunsi kwa mzere umenewo: Tengani, Nsanje, Khulubvi wa Mbona, Ndamera, tonsefe. Koma aphungu a ku Lisbon, mkwiyo uja ukadali m'mitima, adakana kuvomereza panganolo, poti lidali lowanyoza. Apa tinganene kuti adayesa kutola golovesi mochedwa. Zokambirana zidayambiranso, anthu a Cecil Rhodes ali kalikiliki kulowerera ku Manica, ndipo pangano lachiwiri lidasainidwa pa 11 Juni 1891. Portugal idapatsidwa dziko lalikulu kumpoto kwa Zambezi, m'chigawo cha Tete, koma idataya mapiri a Manica. Ndipo kuno kwathu mzere udasintha: kuchokera pa mathiriro a Ruo udatsika pakati pa Shire mpaka kunsi pang'ono kwa Chiwanga, kenaka n'kukhotera kuzambwe kukwera mapiri olekanitsa madzi a Shire ndi a Zambezi.

Ndicho chifukwa chake Malawi ali ndi mchira wopyapyala uwu wolowa m'mimba mwa Mozambique, ndipo ife tikukhala kunsonga kwake. Palibe adafunsa mfumu iliyonse ya kuno, Mmang'anja kapena Msena. Mzerewo udadutsa pakati pa abale, koma pambuyo pake udakhalanso pothawira. Pa nkhondo ya Makombe mu 1917, pamene anthu a ku Barue adaukira Apwitikizi chifukwa cha thangata ndi kulembedwa usilikali mokakamiza, ambiri adawolokera kuno, ndipo mabanja ochuluka a kwathu kuno amawerenga chiyambi chawo kuchokera pa ulendo umenewo ndi ina yonga iwo. M'zaka za m'ma 1980, nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itakula, adabweranso miyandamiyanda, ndipo ine ndidaphunzitsapo ana awo pansi pa mitengo, makalasi atasefukira.

Mdzukulu wanga uja adabweranso dzulo kudzatenga kope lake limene adaiwala pakhonde. Ndidamukhazika pansi n'kumufotokozera zonsezi, kuyambira pa kavalo wa Dymoke mpaka pa Marka. Adamvetsera bwino, ngakhale maso ankathawira pa foni. Nditamaliza adati, "Ndiye agogo, aphungu a ku Lisbon aja akadavomera pangano loyamba lija, bwenzi ine ndikulemba mayeso m'Chipwitikizi?" Ndidati inde mdzukulu wanga, ndipo bwenzi nyuzipepala yokulungira nsomba ija ili yochokera ku Beira.